Kodi wodwala azibwera ndi umboni?

Abale anga, sabata ino tiyeni tiganizire funso ili: munthu akati "ndikudwala" koma thupi likuoneka labwinobwino, timukhulupirire pa mawu ake, kapena ayambe watisonyeza umboni?

Pali nthenda yotchedwa multiple sclerosis, mwachidule MS. Chitetezo cha m'thupi chimatembenukira chikuta cha mitsempha ya muubongo ndi mumsana, ngati khoswe akateketa pulasitiki wa waya wamagetsi. Miyendo imachita dzanzi, maso saona bwino, munthu amangokhala wotopa. Imakonda kuyamba pakati pa zaka 20 ndi 40, makamaka kwa amayi. Kwathu kuno siyofala, ndipo kuti aipeze pamafunika makina a MRI, onga amene anafika ku Queens mu 2008. Chovuta n'chakuti kwa ambiri imabwera n'kupita: sabata ino munthu ali chigonere, sabata yamawa akuchapa. Kukatentha ngati mu Okutobala zimanyanya.

Apa foni imathandiza zedi. Kunja kuli ma app amene amayesa mayendedwe a munthu ndi kagwiridwe ka zala zake. Ngakhale kafoni ka mabatani kangathe kusunga tsiku limene mwendo unalemera, n'kukumbutsa nthawi ya mankhwala. Tilinso ndi Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, pomwe mungaimbe foni n'kulandira uphungu. Dokotala amamuona wodwala mphindi zochepa chabe, ndiye zolembedwa za miyezi itatu zimamuuza zimene maso ake sanaone.

Koma taganizirani mayi wa ku Misesa amene ali ndi nthendayi. Dzulo anasenza ndowa kuchokera pa kiyosiki, lero akulephera kudzuka. Apongozi akuti ndi ulesi, aneba akuti amulodza, bambo akunyumba akuti akunamizira. Kodi iwowanso awatsegulire foni kuti akhulupirire?

Ine ndikuti ayi. Dokotala amafuna zolembedwa kuti achize, pomwe wachibale akamazifuna ndiye kuti akuweruza mlandu. Mwina mukuti, "Aaa, nanga onamizira kulibe?" Alipodi. Koma yezani zinthu ziwirizi. Mukakhulupirira wonama, mwataya ndowa imodzi ya madzi imene mwamutungira. Mukakayikira woona, mwamuwonjezera nthenda yachiwiri, yodwala yekha pakati pa abale ake. Ndipo umboni wa pafoni umakondera: wopanda bandulo, kapena amene foni yake yazima chifukwa magetsi athima, ndiye kuti sakudwala?

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, eti? Ululu amaudziwa ndi mwini thupi. Foni ikhale mboni yake kwa dokotala basi. Inu ndi ine tikapita kukamuzonda, funso lathu likhale lakuti, "Lero tikuthandizeni chiyani?"