KODI NDI ULESI MUNTHU WAMKULU AKAMAWERENGA NTHANO?

Pa Boma la Phalombe, monganso ku Migowi ndi m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Michesi, alipo anthu ambiri odziwa kuwerenga amene sawerenga. M'chaka cha 1994, pamene malipiro a sukulu za pulaimale adachotsedwa, ana adakhamukira m'makalasi, ndipo ana a masiku amenewo lero ndi abambo ndi amai a mabanja. Kalata ya kuchipatala amaiwerenga, uthenga wa pa foni amauwerenganso. Koma buku la nkhani adalitseka tsiku lomwe adatsiriza mayeso ao. Tsono zimachitika kuti wina mwa iwo, imvi zitayamba kale, apeza buku lothothoka chikuto pansi pa sutikesi, naliyamba madzulo ena mwa masewera, nazindikira kuti mtima wake wakondwa monga sudakondwere zaka zambiri. Pomwepo manyazi amgwira. Kodi umenewu si ulesi? Kodi mwini banja angakhale pansi ndi nthano, pamene alibe mayeso oti alembe ndiponso palibe amene adzamlipire?

Funso limeneli si lopeputsa ai. Dziko la Phalombe ndi dziko la khasu, la chimanga, nandolo ndi mpunga wa ku madambo a Chilwa, ndipo mabvuto ake ngodziwika. M'mwezi wa March 1991 madzi, matope ndi miyala zidatsika ku Michesi ndi kupha anthu ambiri, tsoka limene akulu amalitchula kuti Napolo; ndipo mu March 2023 namondwe wa Freddy adagwetsanso nyumba ndi kukokolola minda. Kwa munthu amene ali kuumba njerwa kachiwiri, ora liri lonse liri ndi mtengo wake. Nzoonanso kuti alipo ena amene amabisala m'buku monga anzao amabisalira m'mowa, munda uli thengo ndipo mwana ali kutentha thupi. Otere mlandu wao ngwa kuthawa udindo, ndipo palibe buku lingawaikire kumbuyo.

Koma nchodabwitsa kuti mudzi womwewo sudzudzula amuna osewera bawo pansi pa mtengo nchito itatha, kapena ounjikana pa wailesi kumvera mpira. Makolo akale, amene ankalima koposa ana ao a lero, ankakhala pa moto usiku ndi kuimba nthano, omvera nabvomereza. Iwo adaadziwa kuti mtima nao umatopa monga msana. Nanga buku lidalakwa chiani? Kapena bvuto nlakuti buku lidafika m'mudzi litabvala yunifolomu, pamodzi ndi belu ndi chikoti cha aphunzitsi, kotero kuti anthu adalizolowera ngati makwerero okwerera ku nchito ya malipiro. Munthu akakwera, kapena akalephera kukwera, makwererowo amawataya.

Chikhalirecho liu lakuti "sukulu", limene tidalandira kwa Angerezi, gwero lake ndi liu la Chigriki lakuti "schole", ndipo tanthauzo lake loyamba ndi mpata, nthawi imene munthu wamasuka ku nchito. Agriki adatcha malo ophunzirira ndi dzina la mpumulo, pakuti ankaganiza kuti nzeru imakula pamene munthu sali kuthamangitsidwa. Aristotle adaphunzitsa kuti anthu amagwira nchito kuti apeze mpata umenewu. Ndipo Tomasi Woyera wa ku Aquino, amene adamwalira mu 1274, munthu amene palibe angamnene ulesi ataona kuchuluka kwa zolemba zake, adaphunzitsa kuti monga thupi lotopa lisowa kugona, mzimu wotopa usowa chikondwerero choyenera, ndi kuti wokana chisangalalo chiri chonse nayenso ali ndi chilema. Choncho mlimi wowerenga wopanda womkakamiza ndiye ali pa sukulu yeniyeni, mwina kwa nthawi yoyamba.

Palinso china chimene mwana wa sukulu sangachipeze, ngakhale akhale wanzeru chotani. Titenge buku la Nthondo, limene Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adalemba, losindikizidwa mu 1933. Lidapata mphotho pa mpikisano wa bungwe lina la ku London, ndipo Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934. Ndi mbiri ya munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kufa: ubwana wosamvera, maulendo a kutali, ndi ufumu wa mudzi pambuyo pake. Mnyamata wa zaka 16 amaliwerenga ndi pensulo m'manja, maso ali pa mafunso amene angabwere. Amaseka zopulupudza za Nthondo, naloweza maina, nakhoza mayeso. Yemweyo akalitsegulanso ali ndi zaka 45, ataika maliro a makolo ake, atalera mwana wake wosamva, mwina atapita yekha ku Joni ndi kubwerako chimanjamanja, amapeza kuti buku lasanduka lina. Tsopano mtima wake uli kwa akulu amene mnyamata uja ankawasautsa. Amaima pa tsamba limodzi nthawi yaitali, osati chifukwa mau ngobvuta, koma chifukwa wakumana ndi mbale wake, pena ndi iye mwini. Zilembo nzomwe zija. Chimene chaonjezeka ndi moyo wa wowerenga. Chimodzimodzi ndi mabuku a John Gwengwe ndi a E. W. Chafulumira, amene ambiri adawasiya ali ana asanafike pa msinkhu wowamvetsa. Ndipo munthu amene wazolowera kukhala maora ambiri m'mtima wa wina, sachedwa kumvetsa mnansi wake pa bwalo la milandu.

Zopinga zilipo, ndipo zina nzazing'ono koposa m'mene anthu aganizira. Ambiri amene amati chidwi chidawathera, zoona zake ndi maso amene adafooka: munthu akapitirira zaka 40 zilembo zapafupi zimayamba kuchita chimbuuzi, ndipo mandala owerengera amachotsa bvutolo tsiku lomwelo. Koloboyi wa utsi uja nayenso walowedwa m'malo ndi nyali ya sola m'nyumba zambiri. Chopinga cholemera ndi cha amai, amene mpata wao umadyedwa ndi mtondo, mjigo ndi moto, pamene bambo wapuma kale. M'nyumba imene mmodzi yekha ndiye ali ndi madzulo, funso la ulesi liyenera kuyankhidwa ndi iye wokhala pa mpandoyo. Kwina nkusowa kwa mabuku enieniwo. Malawi ali ndi bungwe la nyumba zowerengeramo mabuku, National Library Service, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, koma mudzi wa kutali sulifikira msanga. Mabuku ambiri a m'midzi ali m'masutikesi a aphunzitsi opuma nchito, kumene chiswe ndi chinyezi cha dzinja ziri kuwadya pang'onopang'ono, eni ake akuopa kubwereketsa chifukwa amene adabwereka kale sadabweze.