Kupatulika kwa Malo ndi Kusamuka kwa Aserbia

Mbiri ya Aserbia, mtundu wa Chikhristu cha Orthodox umene wakhala ukusamuka kwa zaka mazana angapo, imadzutsa funso lakuti kodi kupatulika kumakhala m'nthaka imene makolo anapembedzerapo, kapena kumayenda ndi anthu opembedzawo. M'chaka cha 1690, asilikali a Austria atabwerera m'mbuyo pa nkhondo yawo ndi ufumu wa Ottoman, Aserbia amene anawathandiza anaopa kubwezeredwa, motero mkulu wa mpingo wawo, Arsenije III Čarnojević, amene mpando wake unali ku Peć, anatsogolera mabanja zikwizikwi kuwoloka mitsinje ya Sava ndi Danube kukakhala pansi pa mfumu ya Austria Leopold I, imene inawalola kusunga chipembedzo chawo.

Pa ulendowo amonke a kunyumba ya amonke ya Ravanica ananyamula thupi la kalonga Lazar, amene anaphedwa pa nkhondo ya ku Kosovo mu 1389 ndipo mpingo umamuwerengera pakati pa oyera, napita nalo ku Szentendre kufupi ndi Buda, kenako kunyumba ya amonke ya Vrdnik, imene anthu anayamba kuitchanso Ravanica. Mchitidwewu ukuonetsa chikhulupiriro chakuti malo amapatulika chifukwa cha woyera amene wagonapo ndi mapemphero ochitikirapo, kotero kuti ngakhale dzina la malowo likhoza kusamuka. Komabe thupilo linabwezedwa ku Ravanica yakale mu 1989, monganso mafupa a bishopu Nikolaj Velimirović, amene anamwalira ku America mu 1956, anachotsedwa ku Libertyville m'chigawo cha Illinois mu 1991 nakaikidwa kwawo ku Lelić, zomwe zikusonyeza kuti m'mitima ya ambiri dziko lachilendo linali malo ongosungirako.

Mwambo wa slava, umene ndi chikondwerero cha pachaka cha woyera wosunga banja ndipo mwana wamwamuna amaulandira kwa bambo ake, umapereka yankho lina, popeza sufuna dziko koma nyumba. Banja limayatsa kandulo, limaphika tirigu wotsekemera pokumbukira omwalira, ndipo wansembe amacheka buledi mopingasa ngati mtanda, nathirapo vinyo, kenako iye ndi mwini nyumba amauzunguza m'manja asanaunyeme. Zimenezi zimatheka ku Chicago kapena ku Sydney mofanana ndi ku Belgrade, n'chifukwa chake mwambowu umapitirira ngakhale mwa adzukulu amene chinenero cha makolo chinawatayika.

Pamenepa ndiye pagona vuto, chifukwa mpingo umene unasunga mtundu m'zaka za ulamuliro wa Ottoman ndi kubalalika ukhoza kusanduka nkhokwe ya mtunduwo basi, pamene msonkhano wa atsogoleri a mpingo wa Orthodox wa ku Constantinople wa 1872 unatsutsa kugawa mpingo potengera fuko. Ngati kupatulika kumayendadi ndi opembedza, ndiye kuti tchalitchi cha Aserbia chakunja chiyenera kulandira monga mwana wa pakhomo aliyense wobatizidwiramo, ngakhale amene makolo ake sanapondeko ku Serbia.