Funso limene mlendo sayenera kufunsa

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Komatu funso lake limatsala pakhomo iye atapita. Ndikunena funso limene Amalawife timakonda kufunsa abale athu a ku Zimbabwe: "Mudzabwerera liti kumudzi?"

Ndinacheza masiku atatu kwa anzanga ku Kadoma ndi ku Chegutu. Agogo awo anachoka ku Nyasaland kukakumba golide ku migodi ya Cam and Motor ndi Dalny, matauniwa akadali Gatooma ndi Hartley. Makolo awo anagwira ntchito kufakitale ya nsalu ya David Whitehead. Manda a mibadwo iwiri ali komweko. Koma lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri obadwira m'dzikolo anasanduka alendo, mpaka malamulo aakulu a 2013 anawatsegulira njira yopezeranso unzika.

Sindikukana kuti funsoli limachokera m'chikondi. Timafuna kuwauza kuti kwathu malo awo alipo. Koma munthu amene anauzidwapo kuti si wa kuno amamva zina: naye m'bale wake akumuyesa wongodutsa. Mawu akuti mtchona nawonso amaweruza, ngati kuti kukhazikika ndi mlandu.

Ndiye mlendo wa masiku atatu ali ndi ngongole yanji? Ndikuganiza kuti ndi kuvomereza kuti wadya nsima pakhomo pa eni nthaka. Afunse za sukulu ya ana ndi za ntchito. Za kumudzi aziyambe eni khomo, akafuna.