Kulimba Mtima Kapena Kuseweretsa Moyo?

Pa 14 Okutobala 2012 mwamuna wina wa ku Austria, Felix Baumgartner, anakwera ndi cibaluni cacikulu kucokera ku Roswell m'dziko la America, nafika makilomita pafupifupi 39 m'mwamba. Ali kumeneko anatsegula citseko nadziponya. Anagwa pa liwiro loposa makilomita 1,300 pa ola, ndipo anatera bwino ndi parachuti. Amai ake anali pansi akuyang'ana, misozi ili m'maso. Dziko linaomba m'manja, koma ine ndinatsala ndi funso: kodi munthu ali ndi ufulu woika moyo wake pangozi yotere?

Ngoziyo si yaing'ono. Munthu akapitirira makilomita 19, mpweya umacepa kotero kuti malovu ndi misozi zimayamba kuwira, pokhapokha atavala covala capadera copopedwa mpweya. Kuzizira kwake n'koopsa. Ndiponso pogwa, munthu akhoza kuzungulira ngati nguli mpaka kukomoka.

Ena analowa m'ngoziyi cifukwa ca anzao. Pa 16 Ogasiti 1960 msilikali wa ku America, Joseph Kittinger, analumpha kucokera pa makilomita 31 poyesa parachuti yoti idzapulumutse oyendetsa ndege zouluka m'mwamba kwambiri. Ameneyu tingamuyerekeze ndi nesi wolowa m'cipinda ca odwala kolera. Komabe pokwera, covala ca kudzanja lake lamanja cinaonongeka, dzanja n'kutupa kwambiri, iye osawauza a pansi poopa kuti amuimitsa. Anapulumuka inde, koma kupulumuka sikusandutsa cinsinsico kukhala cabwino. Anthu amene anapatsidwa nchito yomuteteza anawabisira coonadi.

Nkhani ya Nick Piantanida ndiyo yomvetsa cisoni. Iye anali dalaivala wa malole ku New Jersey, wofunitsitsa kuti dzina lake limveke monga munthu wolumpha kucokera pamwamba koposa onse. Pa 1 Meyi 1966, cibaluni cili pa makilomita pafupifupi 17, mpweya unatuluka m'covala cake. Ubongo unaonongeka, nagona cikomokere miyezi inai mpaka kumwalira. Anasiya mkazi ndi ana aakazi atatu. Iye anasankha yekha kukwera, koma umasiye anausenza ndi anthu amene sanasankhe. Ife amene timagona pa maliro tikudziwa kuti imfa ya munthu si yake yekha.

Wina anganene kuti popanda anthu olimba mtima dziko silingapite patsogolo. N'zoona. Mu 2014 Alan Eustace, wa zaka 57, analumpha kucokera pa makilomita 41 atakonzeka kwa zaka pamodzi ndi akatswiri, ndipo nzeru za zovala zoteteza moyo zinaonjezeka. Ngakhale ife sitingathawe ngozi zonse: mai aliyense wopita kukabereka amaika moyo wake pangozi. Conco funso si lakuti tipewe ngozi iliyonse, koma lakuti ngoziyo tikuilowera ciani.

Tikumbuke kuti Satana anatengera Ambuye Yesu pamwamba pa Kacisi, nawauza kuti adziponye pansi, koma anakana. Ambuye omwewo pambuyo pake anapita ku mtanda osabwerera m'mbuyo. Imfa sanaiope, cimene anakana ndi cionetsero cokakamiza Mulungu kuti awapulumutse. Moyo tingaupereke cifukwa ca cikondi, koma sitiyenera kuucitira njuga cifukwa cofuna kutamandidwa.

Motero ndiganiza kuti munthu asanalowe m'ngozi ayenera kudzifunsa zinthu zitatu. Kodi izi zithandiza ndani? Kodi ndakonzeka mokwanira, ndipo ndanena zoona kwa ondithandiza? Nanga zikalephereka, adzalira ndi kusenza katunduyo ndani, ndipo ndamufunsa?

Palibe mmodzi wa ife amene adzakwera cibaluni, koma mafunso awa ali pakhomo pathu. Mnyamata wothamangitsa njinga yamoto wopanda cisoti, dalaivala wodzaza basi mopitirira muyeso, mai wobisa cotupa ca m'bere kwa miyezi osapita ku cipatala, onsewa amakonda kunena kuti Mulungu adzasunga. Cimeneco si cikhulupiriro. Mai wobisa matenda akucita zimene anacita Kittinger ndi dzanja lake, ndipo si onse amene amatera bwino.

Tikakumana pa cigwirizano, tiyeni tifunsane mosabisa: kodi pali mnzathu amene akubisa ngozi imene tikanamuthandiza? Ndipo ana athu tiwaphunzitse kulimba mtima kumene kumakumbukira anthu odikira pansi.