Kodi Wanjala Angatenge Zonse?

Aphunzitsi, ana anu a ku Madziabango amadziwa mbalame kuposa inu. Ali ndi malegeni m'matumba, amadziwa kutcha ulimbo, ndipo ena a iwo amadya nsima chifukwa atate awo anapalasa njinga ya makala kunka ku Blantyre. Tsono mukadzati mitengo isadulidwe, mwana wochenjera adzafunsa kuti, "Nanga tidye chiyani?" Musamkalipire, pakuti funso lake ndi loona.

Muyambe mwawauza za mbalame ina ya m'mapiri athu, imene Azungu anaitcha Thyolo Alethe. Anailemba m'mabuku koyamba m'chaka cha 1927, ataipeza ku Thyolo. Ndi yaing'ono kuposa njiwa, yofiirira kumsana, yoyera pakhosi. Padziko lonse imapezeka m'nkhalango za mapiri a kumwera kwa Malawi, monga Mulanje, ndi a kumpoto kwa Mozambique, monga Namuli ndi Mabu, basi.

Kadyedwe kake nkodabwitsa. Imatsata linthumbu. Pamene linthumbu lilikuyenda m'masamba ogwa, tizilombo timavumbuluka kuthawa, ndipo mbalameyo imangotola. Taonani, linthumbu limene ife timalithira phulusa lamoto likalowa m'nyumba, ndilo limaisakira chakudya! Ikafika nyengo yoswa, imaluka chisa cha ndere, chonga kachikho, pa mphanda ya mtengo. Koma linthumbu lifuna mthunzi ndi chinyezi, ndere nayo ifuna mitengo ikuluikulu. Munthu wodula nkhalango sagenda mbalameyi ndi mwala ai, komabe pamalopo siidzaswanso. Zinatero pa phiri la Soche, ndi pa phiri la Thyolo lomwelo limene linaipatsa dzina, pamene mitengo yambiri inatha.

Apa werengani ndi ana Deuteronomo 22:6-7. Lamulolo likamba za munthu amene apeza chisa panjira. Silimletsa kutenga mazira kapena anapiye, pakuti Mulungu adziwa kuti munthu amamva njala. Chimene aletsa ndi kugwira make pamodzi ndi ana. Ndipo nzochititsa chidwi kuti lamulo la kambalame ili nalo lonjezo la masiku ambiri, longa lija la kulemekeza atate ndi amai. Kotero wanjala aloledwa kutenga, koma chimene chibereka achisiye.

Chenjerani kuti phunziroli lisasanduke mlandu wa ana a anthu ootcha makala. Thumba lililonse liri ndi woligula, ndipo mbaula ziri m'nyumba za aphunzitsi, za akulu a mpingo, ngakhale za abusa. Ana ena adzakumbuka namondwe wa Freddy, mwezi wa Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche nkukwirira anthu ku Chilobwe. Musanene kuti chinali chilango. Amene anafa sanali ochimwa kuposa ife, ndipo ambiri anamanga m'phirimo chifukwa chosowa malo ena.

Nthawi yotsala muipereke kwa ana. Afunseni kuti m'thengo la kwawo "make" ndi uti. Wina adzati ndi mtengo wobala mbewu, wina adzati ndi chitsa chimene chiphukanso akapanda kuchizula, wina adzatchula mitengo ya pakasupe. Mwana wa wootcha makala mumfunse poyamba, chifukwa iye adziwa mitengo imene imaphuka ndi imene imafa.