Kodi Kugonja Ndi Manyazi?

Acinyamata anzanga, tiyerekeze kuti mmodzi wa inu walembetsa dzina lake pa mpikisano wa jiu-jitsu. Awa ndi masewera ogwetsana amene anacokera ku Japan ndipo anakulira ku Brazil. Mulibe nkhonya, mulibe kuponda. Munthu amapambana ndi mapointi, kapena pogwira mnzake pakhosi, pamkono kapena pamwendo mpaka mnzakeyo avomere kuti wagonja. Povomera amagunda ndi cikhatho pathupi la womugwirayo kapena pansi, ndipo pomwepo masewera atha.

Taganizani za kukonzekera kwake. Miyezi yathunthu akutuluka thukuta madzulo alionse. Wacepetsa nsima kuti sikelo isamukane, pakuti m'mipikisano ya bungwe la IBJJF munthu amapimidwa atavala kale zovala za masewera, nthawi yolowa m'bwalo itatsala pang'ono. Walipira ndalama zolowera. Iye ngwa lamba woyera, wongoyamba kumene, motero apatsidwa mphindi 5 zokha, ndipo nthawi zambiri wogonja kamodzi ulendo wake wathera pomwepo. Tsopano mkono wake wagwidwa, cigongono cayamba kuwawa, anzake akufuula dzina lake. Agunde kapena alimbe mtima?

Funso limeneli ndi lakale. Mu 1951, pa bwalo la Maracanã mu mzinda wa Rio de Janeiro, Hélio Gracie analimbana ndi Masahiko Kimura, katswiri wa judo wa ku Japan amene anali wolemera kwambiri kuposa iye. Kimura anamupotoza mkono, koma Hélio anakana kugunda. Mkulu wake, Carlos, ndiye anaponya thaulo m'bwalo kuti nkhondo ilekeke. Mu 2004, pa mpikisano wa dziko lonse ku Rio komweko, Roger Gracie anavulaza koopsa mkono wa Ronaldo Souza, wodziwika ndi dzina lakuti Jacaré. Uyunso sanagunde. Anapirira ndi mkono umodzi mpaka nthawi inatha, ndipo anapambana ndi mapointi. Kufikira lero anthu amasimba nkhani zimenezi monyadira.

Ine sindinganame, mtima wanga umakopeka nazo. Ndani safuna kuchedwa wolimba? Koma tiyeni tifunse bwino: munthu wokana kugunda akuteteza ciani? Pa nkhani ya Hélio, kupambana kunali kutapita kale. Cimene cinatsala ndi dzina, kuti anthu asadzanene kuti anagonja ndi dzanja lake. Pamenepo anasiyira ena nchito yonena zoona m'malo mwake. Mnzake anayenera kusankha pakati pa kumuvulaza ndi kumuleka, ndipo mbale wake anayenera kusenza manyazi amene iye anawakana. Ine ndiona kuti Carlos ndiye anacita cinthu covuta usiku umenewo.

Nanga Jacaré, amene anapambanadi? Apa ndivomere kuti yankho silapafupi. Iye anawerengera mtengo, naupereka, nalandira cimene anafuna. Koma kumbukirani kuti uyu anali katswiri pa mpikisano waukulu koposa. Iwe mnyamata wa lamba woyera, amene mawa uyenera kugwira khasu kapena colembera ndi dzanja lomwelo, ugula ciani ndi cigongono cako? Ku 1 Akorinto 6 timaphunzira kuti thupi limeneli tinacita kupatsidwa, ndipo mwini wake alipo. Munthu sabweza njinga yobwereka itathyoka nati, "Ndinafuna anthu aone kuti sindiopa maenje."

Wina mwa inu wodziwa Baibulo anena kuti, "Nanga Yakobo?" Zoona, pa Genesis 32 Yakobo analimbana usiku wonse pa dooko la Yaboki, ncafu yake inaguluka, koma sanaleke kufikira atadalitsidwa. Taonani bwino, komabe, cimene anali kugwirira. Sanali kuopa kusekedwa, pakuti anali yekha, panalibe woonerera. Ndipo m'mawa mwake munthu yemweyo anapita motsimphina kukagwada kasanu ndi kawiri pamaso pa Esau, mbale amene anamucenjerera kale. Anadziwa pofunika kukakamira, anadziwanso pofunika kuwerama. Ambiri a ife timasokoneza ziwirizi: timakakamira pa mkangano wa kwaya, koma pa pemphero timaleka msanga.

Palinso mbali ina imene sitiiganizira kawirikawiri, ndiyo ya wogwirayo. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Wogwira mkono samva ululu wa mnzake. Amadalira cikhatho cija kuti cimuuze. Wogwidwayo nayenso amadalira kuti akangogunda, mnzake amutaya nthawi yomweyo, ngakhale magazi atatentha cotani. Popanda kukhulupirirana kumeneku palibe amene akanabwerera tsiku lotsatira. Ndiye cifukwa cake m'nyumba zophunziriramo jiu-jitsu wophunzira watsopano amagunda kambirimbiri pa sabata, nadzuka, nagwirana canza ndi mnzake, nayambanso. Ngakhale a lamba wakuda anadzera njira yomweyo. Wokana kugunda pophunzira amakhala kunyumba miyezi ingapo ndi bandeji pamene anzake akupita patsogolo.

Mwina inu simudzalowa konse m'bwalo lotere. Koma mudzagwidwa ndithu: ndi mnzanu amene wakupezani mukunama, ndi mayeso amene mwalephera, ndi ngongole imene simungathe kubweza. Ena amabisa mpaka cinthu cithyoke, kenaka amai ao kapena abusa ndiwo amadzaponya thaulo.

Za Hélio, anakhala ndi moyo mpaka 2009, atapitirira zaka 90. Kagwiridwe kaja kamene kanamugonjetsa, a jiu-jitsu a ku Brazil anakacha dzina la mdani wake, ndipo mpaka lero ana a sukulu za a Gracie amakaphunzira ndi dzina lakuti kimura.