Mlandu wa Manja Osasamba M'chipatala

Kusamba m'manja kwa madokotala ndi anamwino kumadzutsa funso limene anthu a chipembedzo ndi oganiza mozama akhala akulimbana nalo kuyambira kale: kodi munthu amene wavulaza mnzake mosadziwa, chonsecho ankafuna kumuthandiza, ali ndi mlandu?

Zimene zinachitika pa chipatala chachikulu cha mumzinda wa Vienna, ku Austria, zimaunikira funsoli. M'zaka za m'ma 1840, m'wodi imene munkagwira ntchito madokotala ndi ophunzira udokotala munkamwalira amayi pafupifupi 10 mwa 100 aliwonse ndi matenda otentha thupi akangobereka, pamene m'wodi ya azamba ankamwalira pafupifupi anayi. Dokotala Ignaz Semmelweis anaona kuti madokotalawo ankachoka kopima mitembo n'kukagwira amayi oyembekezera. Mu 1847 analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a kolorini, ndipo imfa zinatsika kufika pa mayi mmodzi kapena awiri mwa 100. Madokotala ambiri anatsutsa, ndipo n'zosadabwitsa: kuvomereza kukanatanthauza kuti manja awo omwe ndiwo ankapha. Semmelweis anadziwerengera pakati pa olakwawo.

Ena amati kumeneku kunali kudziweruza kopitirira muyeso, popeza mlandu umagona pa cholinga. Chilamulo cha Mose sichigwirizana nawo kwenikweni. Levitiko 4 imalamula nsembe ngakhale pa tchimo lochita mosadziwa, kusonyeza kuti choipa chikachitika chimafunika kukonzedwa, kaya wochichitayo anali ndi mtima wotani. Kalata ya Yakobo, pa 4:17, imaika tchimo pa munthu wodziwa chabwino koma osachichita. Pamenepa ndi pamene dokotala wa lero amasiyana ndi wa 1846.

Lero umbuli sungakhalenso chowiringula. Malangizo a bungwe la WHO a mu 2009 amatchula nthawi zisanu zoyeretsa manja, kuphatikizapo asanagwire wodwala ndiponso atamugwira, koma kafukufuku amene bungwelo linasonkhanitsa anasonyeza kuti ogwira ntchito ankayeretsa manja pafupifupi maulendo 40 mwa 100 ofunika kutero. Chimene chimagonetsa chikumbumtima n'chakuti tizilombo sitioneka, wodwala amayamba kudwala patapita masiku, ndipo palibe angaloze dzanja limene linamupatsira. Kusadziwika kwa wovulalayo sikuchepetsa kulakwako. Kumangochititsa kuti wolakwayo asakumve.

Komabe munthu sangaimbidwe mlandu pa zimene sakanatha kuchita. Lipoti la WHO ndi UNICEF la mu 2022 linapeza kuti theka la zipatala padziko lonse lilibe zipangizo zokwanira zaukhondo, monga madzi ndi sopo kapena sanitaiza, pamalo othandizira odwala ndi kuzimbudzi. Namwino amene ali yekha m'wodi yodzaza, mpopi utauma, ali ndi gawo lochepa la mlanduwo. Lalikulu limapita kwa oyang'anira chipatala ndi ogawa ndalama za boma.